Dubai mpaka Guangzhou: mtunda ndi umodzi, koma maola samvana

Amalonda okaoda katundu ku China amaidziwa njira ya Dubai ndi Guangzhou, makamaka amene amakwerera ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg pa ndege za Emirates. Ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre ambiri amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, koma amene anadzerapo ku Dubai anaona chinthu chozunguza mutu pa tikiti yawo. Popita, ndege imanyamuka m'mawa n'kukatera usiku, ngati yadya tsiku lathunthu. Pobwerera imanyamuka pakati pa usiku, ndipo kusanache yatera kale. Wowerengera ndi zala amapeza maola 11 kapena 12 popita, ndi maola 4 kapena 5 pobwerera. Manambala onsewa ndi onama. Zoona zake n'zotembenuka: ulendo wopita ku China ndiwo waufupi, maola 7 kapena 7 ndi theka, pamene wobwerera ku Dubai umatenga maola 8, ndipo miyezi ina umayandikira 9.

Mizinda iwiriyi sisuntha. Ndege ndi yomweyo, nthawi zambiri imene yakusiyani madzulo ndi yomwe imatembenuka usiku womwewo. Nanga ola lowonjezera lija likuchokera kuti?

Za wotchi, zomwe n'zosavuta

Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo kumene ndege ili pa mphindi imeneyo: yonyamukira ndi ya mzinda wonyamukira, yofikira ndi ya mzinda wofikira. Guangzhou ili patsogolo pa Dubai ndi maola 4, ndipo ili patsogolo pa Lilongwe, Lusaka ndi Harare ndi maola 6. Mayiko onsewa sasuntha mawotchi nyengo ikasintha monga amachitira ku Ulaya, choncho kusiyanaku n'komweko chaka chonse.

Tiyerekeze kuti mwanyamuka ku Dubai 10 koloko m'mawa n'kukhala mundege maola 7 ndi theka. Wotchi yanu ya pamkono, ngati simunaigwire, idzati 5:30 madzulo, koma ya pakhoma pa bwalo la ndege la Baiyun ku Guangzhou idzati 9:30 usiku. Maola 4 amenewo palibe anawayenda, angolumphidwa. Pobwerera amakubwezerani. Mwanyamuka 12:30 usiku, mwakhala pampando maola 8 ndi theka, ku Guangzhou yakwana 9 koloko m'mawa, koma ku Dubai ikadali 5 koloko mbandakucha.

Pansi pa ndegeyo mawotchi amasintha mosalongosoka konse. Pakistan ili patsogolo pa Dubai ndi ola limodzi, India ndi ola ndi theka, Nepal ndi ola ndi mphindi 45, Bangladesh maola 2, Myanmar maola 2 ndi theka. Kungowoloka malire a Myanmar kulowa m'chigawo cha Yunnan, wotchi imalumpha ola ndi theka nthawi imodzi, chifukwa chiyambire 1949 dziko lonse la China limayendera nthawi ya ku Beijing, ngakhale kuti kutambalala kwake kukanalola nthawi zisanu zosiyana. Ku Kashgar, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo, m'nyengo yozizira dzuwa limatuluka wotchi itadutsa kale 10 koloko. Oyendetsa ndege alibe nazo ntchito zonsezi. Iwo ndi anzawo owatsogolera ali pansi amalankhula nthawi imodzi yokha padziko lonse, ya UTC.

Mtundawo

Kuchokera pa bwalo la Dubai International kukafika pa bwalo la Guangzhou Baiyun pali makilomita pafupifupi 5,830, kumene kuli ngati gawo limodzi mwa magawo 7 a ulendo wozungulira dziko lonse lapansi. Mukafufuza pa intaneti mupeza manambala ena: 3,620 kwinaku, 3,150 kwinaku. Palibe walakwitsa. Woyambayo akuwerenga mamailosi a pamsewu, a mamita 1,609, ndipo winayo akuwerenga mamailosi a panyanja, a mamita 1,852, amene ndiwo oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amagwiritsa ntchito. Ena amayeza kuchokera pakati pa tauni kukafika pakati pa tauni inzake, ndipo poti bwalo la Baiyun lili makilomita pafupifupi 28 kumpoto kwa mzinda, nambala imasuntha pang'ono.

Makilomita 5,830 amenewa ndi a njira yaifupi kwambiri imene ingatheke pa dziko lobulungira. Dubai ili pa madigiri 25 kumpoto kwa ikweta, Guangzhou pa madigiri 23. Pa mapu a pakhoma munthu angalembe mzere wolunjika kum'mawa n'kunena kuti basi, njira ndi imeneyi. Koma tengani chibulunga cha dziko chija chimakhala m'kalasi, mukoke ulusi kuchokera pa mzinda wina kukafika pa unzake mpaka utakungika. Ulusiwo sutsata mzere wanu uja. Umakwera chakumpoto, kudutsa kummwera kwa Pakistan ndi chipululu cha Rajasthan, ndipo pakatikati pa ulendo umapezeka pa madigiri 27, pamalire a India ndi Nepal, mphepete mwa mapiri a Himalaya. Kuchokera apo umatsikira ku Assam, kumpoto kwa Myanmar, Yunnan, Guangxi mpaka Guangdong. Mapu ambiri amene tinazolowera amatsatira kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, kamene kanathandiza amalinyero kusunga kampasi pamalo amodzi koma kamanamiza maso pa nkhani ya njira yachidule.

Pa ulendo uno kupindikako sikupulumutsa zambiri, makilomita pafupifupi 50 okha, chifukwa mizinda yonse iwiri ili kufupi ndi ikweta. Kumene nkhaniyi imakula ndi pa maulendo ngati wa Dubai kupita ku Los Angeles, pamene njira yachidule imakadutsa kumadzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko. Chofunika kudziwa pano n'chakuti palibe ndege imene imayenda makilomita 5,830 enieniwo. Imene mwakwerayo imapitirira 6,000, ndipo tiona chifukwa chake.

Tsopano masamu a pulayimale. Ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali, monga Boeing 777 ndi Airbus A380, zikafika m'mwamba makilomita 10 mpaka 12 zimathamanga pafupifupi makilomita 900 pa ola. Kugawa 5,830 ndi 900 kumapereka maola 6 ndi theka. Kukanakhala kuti mpweya wa kumwambako wangoima, popita ndi pobwerera pakanakhala maola 6 ndi theka omwewo, kuwonjezera za kukwera ndi kutsika.

Mtsinje wa mphepo

Koma mpweyawo suima. Liwiro la makilomita 900 lija ndi la ndege poyerekeza ndi mpweya umene ikuuboola, osati poyerekeza ndi nthaka. Wopalasa bwato pa Shire amazidziwa: mphamvu ya mikono ndi yomweyo, koma kutsika ndi madzi n'kwina, kukwera molimbana nawo n'kwinanso.

Pa msinkhu womwewo umene ndege zimauluka pali mikwasa ya mphepo yamphamvu yowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, imene a zanyengo amaitcha jet stream. Ndi yotambalala makilomita mazana angapo, yopyapyala pochokera pansi kupita m'mwamba, ndipo pakati pake liwiro limafika makilomita 200 pa ola kawirikawiri, nthawi zina kudutsa 300. Imabadwa chifukwa mpweya wotentha wa ku ikweta umakwera m'mwamba n'kuyamba ulendo wopita kumadera ozizira, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaukhotetsera kum'mawa. Umodzi mwa mikwasa imeneyi umagona chapafupi ndi madigiri 25 mpaka 30 kumpoto kwa ikweta m'miyezi yozizira ya kumeneko. Yang'ananinso pamene ulusi uja unadutsa. Njira ya Dubai ndi Guangzhou yagona m'mphepo imeneyi pafupifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze kuti pa ulendo wonse mphepo ikukankha ndi makilomita 100 pa ola. Yopita ku China ikudutsa nthaka pa 1,000, ndipo ifika m'maola osakwana 6. Yobwerera ikudutsa pa 800, ndipo ifunika maola 7 ndi mphindi pafupifupi 20. Kusiyana kwa ola ndi theka kwatuluka pamenepo popanda wina kusintha injini kapena njira. Onaninso kanthu kena kobisika m'masamuwa: popita mwapindula mphindi 40, pobwerera mwataya mphindi pafupifupi 50. Mphepo sibweza zonse zimene yalanda, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kuposa nthawi imene imakankhidwa nayo. N'chifukwa chake okonza ulendo ku likulu la kampani amaisakasaka mphepoyi popita kum'mawa, ndipo pobwerera amaizemba: amasankha njira yodzera chakummwera kapena msinkhu umene mphepo yafooka, ngakhale makilomita achuluke. Njira yaifupi pa mapu ndi njira yofulumira pa wotchi si chinthu chimodzi, ndipo kampani imene ikulipira mafuta imasamala yachiwiriyi.

Amene amakonda kuyang'ana kakanema kakang'ono kakumbuyo kwa mpando akhoza kuziona yekha. Pamakhala mapu, kandege kakusuntha pang'onopang'ono, ndi manambala akusinthana: kutalika kuchokera pansi, kuzizira kwa panja kumene kumafika madigiri 50 pansi pa ziro, ndi liwiro lodutsira nthaka. Mu Januwale, pamwamba pa India, nambala ya liwiroyo imadutsa 1,000 popita. Pamalo omwewo pobwerera mudzaiona ikuvutikira m'ma 700.

Pali maganizo ena amene amamveka anzeru koma ndi olakwika, akuti kusiyanaku kumabwera chifukwa dziko likuzungulira pansi pa ndege. Dziko limazunguliradi kulowera kum'mawa, ndipo pa ikweta liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 1,670 pa ola. Koma mpweya umazungulira nalo limodzi, ndipo ndege ili mumpweyamo. Kukanakhala kuti nthaka imathawa pansi pa ndege, Guangzhou ikanamathawa yopita kum'mawa ndipo Dubai ikanamathamangira yopita kumadzulo, kutanthauza kuti wobwerera ukanakhala waufupi. Zimene zimachitika n'zosemphana ndi zimenezo. Kuzungulira kwa dziko kumalowa m'nkhaniyi podzera kukhomo lakuseri, poti ndi kumene kumapatsa mphepo ija kolowera.

Mphepoyi anayamba kuiyeza mwadongosolo ndi katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, m'zaka za m'ma 1920. Ankaulutsa mabaluni n'kumawatsatira ndi chipangizo choyezera, ndipo anapeza kuti kumwamba kuli mphepo yamphamvu ya kumadzulo, makamaka m'nyengo yozizira. Zotsatira zake anazilemba m'chinenero cha Esperanto, ndipo akatswiri a kunja sanazilabadire. Mu 1944 oyendetsa ndege zankhondo za America za B-29 anakumana nayo pamwamba pa Japan pomwepo, ndege zawo zikukanika kupita patsogolo akaloza kumadzulo, ndipo akaloza kum'mawa zikudutsa pamalo mofulumira kuposa mmene anakonzera.

Chimene chimapangitsa njira ino kukhala yosangalatsa n'chakuti mphepoyi sikhala pamodzi chaka chonse. Kuyambira Novembala mpaka Epulo imagona kummwera kwa Himalaya, pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Ganges ndi kummwera kwa China. Chakumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, dera lokwera la Tibet likatentha, imasamukira kumpoto kwa mapiriwo, ndipo kusamuka kumeneku kumayendera limodzi ndi kuyamba kwa mvula ya monsoon ku India. Pa nthawi imeneyo kumwamba kwa India wa kummwera kumayamba kuwomba mphepo yochokera kum'mawa. Ndiye mu Julayi ndi Ogasiti ulendo wopita umatalikirako pang'ono, wobwerera umafupika, ndipo kusiyana kwa awiriwa kumachepa kwambiri. Makampani a ndege amazidziwa, n'chifukwa chake amakhala ndi ndandanda ziwiri pachaka, ina yoyamba Lamlungu lomaliza la Malichi, ina Lamlungu lomaliza la Okutobala. Amene amapita ku chionetsero cha zamalonda cha Canton Fair, chimene chakhala chikuchitika ku Guangzhou kuyambira 1957 kawiri pachaka, akayerekeza matikiti awo adzaona kuti wobwerera mu Novembala walembedwa nthawi yotalikirapo kuposa wobwerera mu Meyi.

Mapiri

Ulusi uja unakhudza mphepete mwa Himalaya. Ndege yeniyeni nthawi zambiri imatsikirako kummwera: kudutsa India chapakati, kuloza ku Kolkata kapena ku Bangladesh, kuwoloka Myanmar, n'kulowa mu China cha ku Kunming. Munthu angafunse kuti vuto n'chiyani, poti phiri la Everest ndi mamita 8,849 pamene ndege ili pa mamita 11,000. Zonse zikamayenda bwino palibe vuto. Malamulo a ndege amalembedwera tsiku limene zinthu zalakwika.

Mpweya wa m'kati mwa ndege ndi wochita kupopera. Utati wathawa mwadzidzidzi pa msinkhu umenewo, munthu amakomoka mphindi imodzi isanathe. Timamasiki tachikasu tija amationetsa ndege isananyamuke timagwa kuchokera pamwamba pa mipando, koma okosijeni wake, m'ndege zambiri, ndi wa mphindi 12 mpaka 20 kapena kupitirira pang'ono. Ntchito yake ndi kungosunga anthu pamene woyendetsa akutsitsa ndege mwamsanga kufika pa mamita 3,000, pamene munthu amapuma bwinobwino. Pamwamba pa Tibet simungatsike kufika pamenepo, chifukwa nthaka yeniyeniyo ili pamwamba pa mamita 4,500, ndipo ili choncho kwa makilomita mazanamazana mbali zonse. N'chimodzimodzi injini imodzi ikazima: ndege ya injini ziwiri imapitiriza kuuluka, koma imayenera kutsika, ndipo ngati yadzaza mafuta ndi katundu msinkhu umene ingakwanitse ukhoza kukhala wosakwanira pamwamba pa mapiri amenewo. Mabwalo othawirako ndi ochepa, ndipo amene alipo ali m'mwamba: la ku Lhasa lili pa mamita oposa 3,500. Ndege zimene zimatera kumeneko zimakhala zokonzedwa mwapadera, oyendetsa ake ophunzitsidwanso mwapadera.

Chigawo chomaliza cha njirayi, kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa India kukafika ku Kunming, chili ndi mbiri yowawa. Pakati pa 1942 ndi 1945, Japan itatseka msewu wa ku Burma, katundu wankhondo wopita ku China ankanyamulidwa pa ndege kuchokera ku Assam kudutsa pamwamba pa mapiri omwewa, njira imene oyendetsa ankaitcha The Hump. Ndege za nthawi imeneyo sizinkakwera kufika pamwamba pa mitambo ndi mphepo za m'mapiri, ndipo mazanamazana zinagwa. Lero pamenepa anthu amakhala akuwalandira matileyi a chakudya chomaliza.

Kumwamba kuli eni ake

Mlengalenga umaoneka ngati chipululu chopanda mwini, koma ndi wogawidwa ngati minda. Dziko lililonse limalamulira mpweya wa pamwamba pake, limalipiritsa ndege zodutsa, ndipo limajambula misewu imene ziyenera kutsata, kuchokera pa mfundo ina kupita pa ina. Misewuyi imakhotakhota pozemba malo a asilikali ndi malire ovuta. Ndege zopita kum'mawa zimapatsidwa misinkhu yawoyawo, zopita kumadzulo yawonso, kuti zisakumane. Usiku, pamene ndege zambiri zochokera ku Gulf ndi ku Ulaya zimakhala zikudutsa India ndi Bay of Bengal nthawi imodzi, msinkhu umene woyendetsa akuufuna ukhoza kukhala kuti wina wautenga kale, iye n'kupatsidwa wapansi kumene mafuta amapsa ambiri.

Ku China nkhaniyi ndi yokulirapo. Gawo lalikulu la mlengalenga wa dzikolo lili m'manja mwa asilikali, ndipo ndege za anthu wamba zimapanikizana m'tinjira tochepa. Polowera kuchokera kunja ndi powerengeka, ndipo pamalire pomwepo woyendetsa amasiya kuwerenga msinkhu m'mafiti n'kuyamba kulandira malangizo m'mamita, poti China imayendera mamita. Kufupi ndi Guangzhou kuli mabwalo asanu oyandikana, a Guangzhou, Shenzhen, Hong Kong, Macau ndi Zhuhai, onse akukanganirana kumwamba kumodzi.

Ndiye pali ndale. Pa 27 Febuluwale 2019, itabuka mikangano ndi India, Pakistan inatseka mlengalenga wake, ndipo sinautsegule wonse mpaka pa 16 Julayi. Miyezi yonseyo ndege zambiri za pakati pa kumadzulo ndi kum'mawa zinkazungulira cha ku nyanja ya Arabia. Mu Epulo 2025, zitachitika zachiwembu ku Pahalgam, m'chigawo cha Kashmir chimene India imalamulira, Pakistan inaletsa ndege za ku India kudutsa pamwamba pake, India nayo inabwezera. Zotsatira zake n'zakuti ndege ziwiri zochoka mumzinda umodzi kupita kumzinda umodzi zikhoza kutenga nthawi zosiyana, kungotengera mbendera imene yapentedwa kumchira. Chodabwitsa china: kuyambira 2020 mpaka Okutobala 2025 panalibe ndege ya anthu yolunjika pakati pa India ndi China (kupatula Hong Kong), poyamba chifukwa cha Covid-19, kenako chifukwa cha mkangano wa malire. Munthu wa ku Kolkata wofuna kupita ku Guangzhou ankayenera kudzera ku mizinda ngati Bangkok kapena Singapore, uku ndege yochokera ku Dubai ikudutsa pamwamba pa denga lake kulunjika komweko. Ulendo woyamba kuyambiranso unali wa kampani ya ku India ya IndiGo, wochokera ku Kolkata komweko kupita ku Guangzhou.

Zimene tikiti imawerenga

Maola olembedwa pa tikiti si a mumlengalenga okha. Amayamba pamene ndege yayamba kukankhidwa kuchoka pakhomo lokwerera, n'kutha pamene yaima pakhomo lotsikira. M'kati mwake muli kuyenda pang'onopang'ono pansi kukafika pa msewu wonyamukira, kudikira pamzere, kukwera kumene kumatenga mphindi 20 kapena 30 pa liwiro lochepa, kutsika, ndi kuzungulira m'mwamba ngati pansi padzaza. Mabwalo awiriwa si a masewera. Dubai International inalandira anthu oposa 92 miliyoni mu 2024 ndi misewu iwiri yokha yonyamukira ndi kutera. Baiyun inali bwalo lotanganidwa kwambiri padziko lonse mu 2020, chaka chimene mliri unagwetsa maulendo kwina konse. Pa mabwalo otere mphindi 20 pansi si nkhani.

Pamwamba pa izi makampani amawonjezera mphindi zina zodzitetezera. Woyendetsa akalengeza mokondwa kuti tafika nthawi isanakwane, kawirikawiri si kuti wathamanga, koma ndandanda inalembedwa momasuka. Ine sindiwaimba mlandu pa zimenezi. Ndandanda yonena zoona za tsiku loipa ndi yothandiza kuposa yolonjeza za tsiku labwino, makamaka kwa munthu amene ali ndi ndege ina yoti akakwere.

Nyengo ya pansi nayo ili ndi mbali yake. Ku Guangdong mvula yamabingu imavuta kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndipo anamondwe ochokera kunyanja amabwera chapakati ndi chakumapeto kwa chaka. Namondwe wa Mangkhut, mu Seputembala 2018, anaimitsa maulendo pa Baiyun. Ku Dubai mdani ndi chifunga cha m'mawa m'miyezi yozizira. Mvula imagwa kamodzikamodzi, koma ya pa 16 Epulo 2024 inasandutsa bwalo la ndege dziwe, maulendo oposa 1,000 n'kulephereka.

Ena amafunsa chifukwa chake ndege yochedwa kunyamuka singopondako moto. Ikhoza, koma pang'ono. Ndege za anthu zimauluka kale pa magawo 84 kapena 85 pa 100 a liwiro la phokoso, ndipo kuyandikira kwambiri pamenepo mpweya umayamba kukana mwamphamvu, mafuta n'kumapita ngati akutayika. Pa ulendo wa maola 7 woyendetsa akhoza kubweza mphindi 10 kapena 15, osati ola. Pa chifukwa chomwechi ndege za lero sizithamanga kuposa Boeing 707 ya m'zaka za m'ma 1960. Luso lonse la zaka 60 zapitazi lapita pa kuchepetsa mafuta, phokoso ndi ngozi, ndi pa kutalikitsa mtunda umene ndege ingayende osatera. Liwiro linatsala pomwepo.

Tikiti yotchipa yodzera kwina

Pa njira ino pali ndege zolunjika za Emirates ndi China Southern, ndipo pali matikiti otsikirapo mtengo odzera mizinda ina. Pa mapu kudzera kwina sikuoneka koopsa. Dubai mpaka Bangkok ndi makilomita pafupifupi 4,900, Bangkok mpaka Guangzhou 1,700, zonse pamodzi 6,600. Makilomita owonjezerawo sakwana ola limodzi la kuuluka. Kudzera ku Doha mumayamba mwabwerera m'mbuyo makilomita pafupifupi 380 kenako n'kuyenda 6,200. Chimene chimadya nthawi si mtunda ayi, koma kutsika kawiri, kukwera kawiri, kusechedwanso, ndi kukhala pa benchi maola 3, 6 kapena 10 kudikira ndege yachiwiri. Ulendo wa maola 7 ndi theka umasanduka wa 12 kapena 18. Chenjeraninso ndi ulendo wa nambala imodzi umene umatera panjira, monga imachitira ndege ya Emirates ya ku Harare imene imayamba yaima ku Lusaka. Pa tikiti umaoneka ngati umodzi, koma maola oima pansi ali momwemo.

Odzera ku Addis Ababa malamulo ake ndi omwewa, kungoti mtunda wokafika ku Guangzhou ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndipo gawo loyamba la njirayo lili kummwera kwa mphepo ija.

Pogula tikiti ya pobwerera ndi pamene zonsezi zimakumana. Ndege yochoka ku Guangzhou usiku mu Disembala kapena Januwale ikhoza kuchedwa kunyamuka podikira chilolezo cholowera m'tinjira ta ku China, ikulimbana ndi mphepo yamphamvu kwambiri ya chaka chonse, ndipo ikufika ku Dubai m'bandakucha, nthawi ya chifunga. Ngati pakati pa kutera kwake ndi kunyamuka kwa ndege ya ku Lusaka kapena ku Johannesburg pali ola limodzi lokha, mpata umenewo ndi wochepa, makamaka kwa munthu wa zikwama zambiri. Maulendo onse awiri akakhala pa tikiti imodzi, kampani ndiyo imakupezerani ndege ina mukaiphonya, ndipo katundu amatsatira yekha. Akakhala pa matikiti awiri ogula padera, mumayenera kutenga katundu wanu, kumulembetsanso, ndipo yachiwiriyo ikakusiyani mugula tikiti ina ndi ndalama za m'thumba mwanu.